Ku Tromsø, kumene dzuwa silituluka mu Disembala

Lachitatu, 18 Disembala

Ndafika bwino, abale. Kuchokera ku Oslo, likulu la dziko la Norway, ndege yatenga pafupifupi maola awiri kulowera kumpoto, ndipo pamene timatera pabwalo la Langnes wotchi imati 3 koloko masana, koma kunja kuli bii. Mwana wanga anandiuziratu pafoni kuti kuno dzuwa limasiya kutuluka kumapeto kwa Novembala mpaka pakati pa Januwale. Ndinamva, koma lero ndiye ndadzionera ndekha.

Anabwera onse kudzandichingamira: mwana wanga, mwamuna wake, mdzukulu wanga wamkulu, kamtsikana ka zaka 6, ndi kamlongo kake ka miyezi 11 kamene ndinali ndisanakanyamulepo. Misozi inatsogola, moni anabwera pambuyo.

Tisanatuluke panja, mkamwini wanga anagwada n'kunena kuti, "Amayi, takwezani phazi." Anandiveka kunsi kwa nsapato malamba a labala okhala ndi timisomali tachitsulo, oti munthu asaterereke pa madzi oundana. Kamtsikana nako kanandimangirira pamkono kachinthu konyezimira kakawalidwa ndi magetsi a galimoto. Akuti kuno woyenda pansi wopanda kameneka oyendetsa galimoto samuona msanga.

Mzindawu uli pachilumba chotchedwa Tromsøya, ndipo misewu ina anaiboola pansi pa chilumbacho. Tinalowa m'ngalande, tinazungulira raundabauti pansi pa nthaka pomwepo, n'kutulukira mbali ina ya mzinda. Pafupifupi pazenera lililonse lomwe tinadutsa panali nyali yooneka ngati nyenyezi. Thupi latopa, ndikagone.

Lachinayi, 19 Disembala

Ndinadzuka kukadali mdima, ndinapemphera, ndinagonanso, ndinadzukanso kukadali mdima. Cha m'ma 10 koloko kumwera kunayamba kuyera, ndipo kwa maola angapo kunabwera kuwala kwa mtundu wa buluu kumene kunagwa pa chipale chofewa, pa mapiri ndi pa nyanja. Pofika masana enieni m'mphepete mwa thambo munafiira ngati dzuwa lituluka tsopano lino. Silinatuluke. Isanakwane 3 koloko kunali kutadanso.

Mkamwini wanga anandifotokozera ndi lalanje ndi tochi patebulo. Dziko ndi lopendekeka ndi madigiri pafupifupi 23 ndi theka, ndipo Tromsø ali makilomita pafupifupi 350 kumpoto kwa Arctic Circle, mzere wa pamapu wozungulira dera la kumpoto kwenikweni kwa dziko. M'nyengo ino mbali ya kumpoto imafulatira dzuwa, choncho ngakhale masana dzuwalo limangofika madigiri atatu kunsi kwa malire a thambo n'kubwereranso. Kuyambira cha pa 20 Meyi mpaka kumapeto kwa Julayi zimatembenuka: sililowa ngakhale pakati pa usiku. Kuzizira nako sikofika pomwe ndinkaopa. Lero anali madigiri 5 kunsi kwa ziro, ndipo madzi apadoko sanaundane, chifukwa m'nyanja ya Atlantic muli mtsinje wa madzi ofunda umene umafika mpaka m'magombe a Norway.

Chimene chandiimitsa mutu n'cha mwana. Itakwana nthawi yogona masana, mayi ake anamuveka zovala za ubweya wa nkhosa, anamulowetsa m'thumba lofunda, anamuika m'kangolo ka ana, n'kukamusiya pakhonde panja. Ndinati, "Mwananga, mwanayu mumupha." Iye anaseka n'kundigwira dzanja kuti ndikhudze pakhosi pa mwanayo. Panali pofunda bwinobwino. Anagona maola awiri, mpweya wa m'kamwa mwake ukuoneka ngati kautsi. Ine ndinakhala pazenera mpaka anadzuka. Akuti ngakhale kusukulu za mkaka ana amagonekedwa chomwecho.

Mwana wanga wawonda. Akuseka, akugwira ntchito, koma akakwera masitepe amaima pakati kuti apume. Maso a kholo saphonya zotere. Sindinafunse lero.

Lachisanu, 20 Disembala

Tinapita kutauni pa basi. Msewu waukulu wa Storgata ndi wa oyenda pansi, ndipo pafupi pomwepo pali tchalitchi chachikulu cha mzindawu, chomangidwa ndi matabwa m'chaka cha 1861. Tinalowa pang'ono kukaotha. M'kati munalibe mwambo uliwonse, koma munali bambo mmodzi wachikulire atakhala phee, chipewa chili m'manja.

Chakudoko kuli chipilala cha Roald Amundsen, munthu amene anatsogolera gulu loyamba kufika ku South Pole, kumwera kwenikweni kwa dziko lapansi, mu Disembala 1911. Pa 18 Juni 1928 ananyamuka mumzinda uno pa ndege kukafunafuna Umberto Nobile ndi anzake amene anachita ngozi kumpoto kwenikweni, ndipo iye ndi amene anali nawo m'ndegemo sanabwererenso. Mtembo wake sunapezeke. Ndinaima pamenepo ndikuganiza za anthu onse a m'gombe lino amene ankaperekeza amuna awo ndi ana awo kukapha nsomba m'nyanja yozizira chonchi, n'kutsala akuyang'ana kumadzi. Ndikudziwa kudikira mwana amene ali kutali. Kwanga kunali kwa pafoni, koma n'kudikira ndithu.

Madzulo ano kamtsikana kanabwera kothamanga: "Agogo, valani msanga, tulukani!" Kumwamba kunali mkwamba wobiriwira wautali, ukuyenda pang'onopang'ono, kenako n'kugwedezeka mofulumira, m'mphepete mwake muli kofiirira. Bambo ake akuti ndi tinthu tochokera kudzuwa timene timawombana ndi mpweya pamtunda wa makilomita oposa 100, ndipo kubiriwirako n'kwa okosijeni. Ndamva kufotokozako ndipo ndakuvomera. Sikunandiletse kunena mokweza kuti, Ambuye, ntchito za manja anu n'zazikulu.

Loweruka, 21 Disembala

Chipale chagwa usiku wonse. Pa Salmo 147 pali mawu akuti Mulungu amapatsa chipale ngati ubweya wa nkhosa. Ndakhala ndikuwawerenga kuyambira ndili mtsikana, ndipo lero ndatambasula dzanja, chinthucho n'kugwera pa golovesi, chopepuka, chilichonse ndi kamaonekedwe kake ka nsonga zisanu ndi imodzi.

M'mamawa ndinamva kukwecha panja. Nditasuzumira ndinaona mkamwini wanga ali ndi fosholo, koma sankachotsa chipale pakhomo pathu. Ankalambula kanjira ka nyumba yoyandikana nayo, mpaka pa masitepe, n'kuwaza timiyala kuti pasaterere. Atamaliza kumeneko m'pamene anayamba kwathu. Patapita nthawi chitseko cha nyumbayo chinatseguka, n'kutuluka mayi wachikulire wa imvi mbuu, wamtali, wowongoka. Anakweza dzanja, mkamwini wanga naye anakweza dzanja. Basi, palibe ananena kanthu.

Ndinafunsa kuti amayi amenewo ndani. Mwana wanga anayang'ana mwamuna wake, n'kunena kuti, "Amayi, tidzakuuzani bwino."

Lero ndilo tsiku la mdima wautali kuposa onse pachaka. Kuyambira mawa kuwala kuyamba kuwonjezeka, ngakhale kuti maso sangaone kusiyanako msanga.

Lamulungu, 22 Disembala

Tinawoloka mlatho wa Tromsø, wautali kuposa kilomita imodzi, umene anautsegula mu 1960, kupita kutsidya ku Tromsdalen. Kumeneko n'kumene kuli tchalitchi choyera cha nsonga zitatu chimene alendo amachitcha Arctic Cathedral. Anachikonza ndi Jan Inge Hovig ndipo anachipatula mu 1965. Kuseri kwa guwa, khoma lonse ndi galasi la mitundumitundu limene Victor Sparre anapanga mu 1972, losonyeza kubweranso kwa Khristu: dzanja la Mulungu pamwamba, kuwala kukutsika, anthu ali m'munsi.

Mapemphero anali m'Chinorway ndipo sindinatolepo mawu, kupatula Ameni ndi mayina a m'Baibulo. Koma ndondomeko yake ndinaitsata. Mwana wamng'ono anayatsa kandulo yachinayi ya Adventi, anawerenga Mawu, anaimba, ndipo pofika pa Pemphero la Ambuye ndinalizindikira ndi kayendedwe kake, n'kulinena m'chilankhulo changa chapansipansi. Anthu kuno saimba mokweza ndipo sagwedeza thupi. Poyamba ndinaona ngati mitima yawo ili kutali. Kenako ndinaona mayi amene anakhala patsogolo panga akupukuta m'maso pa nyimbo yomaliza, ndipo ndinasiya kuweruza.

Potuluka mwana wanga anatsamira pa ine potsika kachitunda. Dzanja lake linali lopepuka kwambiri.

Lolemba, 23 Disembala

Za lero ndilemba zambiri, mundipirire.

Mphepo inayamba masana, ikuulutsa chipale cham'mbali moti nyumba ya tsidya la msewu sinkaoneka. Tinali titakonza zokwera kangolo ka pachingwe kopita paphiri la Storsteinen, mamita 421 pamwamba pa nyanja, kukaona mzinda wonse, koma tinangosiya. Palibe anatuluka. Tinakongoletsa mtengo wa Khirisimasi, monga amachitira mabanja ambiri kuno pa tsiku limeneli, tinadya, tinatsuka mbale. Mkamwini wanga anazimitsa magetsi akuluakulu n'kuyatsa makandulo anayi patebulo. Wailesi ya kanema sanayatse. Mafoni anali kukhitchini. Kamwana kanagona pachifuwa panga, kamtsikana kanali pansi kakujambula, ndipo m'nyumba munkangomveka mphepo ndi pensulo.

M'pamene mwana wanga anati, "Amayi, chaka chino ndinakubisirani."

Mu Januwale, atabadwa mwanayu, anandiimbira kuti zonse zayenda bwino koma akupumulako pang'ono kuchipatala. Zoona zake n'zakuti anataya magazi ambiri, anamuchita opaleshoni kawiri, ndipo panali usiku wina umene madokotala anauza mwamuna wake kuti asachoke. Anakhala m'chipatala milungu ingapo. Atatuluka sankatha kunyamula ngakhale khanda lake lomwe. Sanandiuze chifukwa ankadziwa kuti ndilibe mapepala oti n'kubwera msanga, ndipo ndikanangodwala ndi nkhawa ndili kutali.

Ndinakhala chete nthawi yaitali. Mtima unandipweteka kuti mwana wanga anafika pakhomo la imfa ine ndikugona tulo. Ndinafunsa funso limodzi lokha: nanga kamtsikanaka kanali ndi ndani?

Kanali ndi amayi a nyumba yoyandikana aja. Usiku umene zinthu zinavuta, mkamwini wanga anagogoda pakhomo pawo cha m'ma 2 koloko, mwana ali m'manja atamukulunga m'bulangeti. Anali asanalankhulanepo kupitirira moni. Amayiwo anatsegula, anayang'ana, analandira mwanayo, n'kumuuza kuti thamanga. Anamusunga milungu yonseyo. Ankamuperekeza kusukulu ya mkaka m'mdima, atagwirana manja pa madzi oundana, iwo ali ndi zaka zoposa 75. Tsitsi la mwanayo linawavuta kupesa, ndiye anafufuza mayi wina wa ku Eritrea amene amakhala mumsewu womwewo kuti awaphunzitse kuluka. Mwana wanga atatuluka m'chipatala, ankabwera m'mawa uliwonse kudzasambitsa khanda, n'kusiya mphika wa supu pachitofu, n'kumapita osakhala pansi. Ndalama anakana. Mphatso anakana. Chimene anavomera n'chakuti mkamwini wanga aziwachotsera chipale pakhomo, chifukwa msana wawo sulolanso fosholo.

Kamtsikana kanadzutsa mutu n'kunena kuti, "Agogo, ine ndili ndi agogo atatu." Ndinati inde, mwanawe, uli nawo.

Zaka zonsezi pemphero langa linali limodzi: Ambuye, mubwezereni mwana wanga kufupi, kumene ine ndingamuone. Ndinkaona ngati kutali kulibe womusamala, ngati chisamaliro cha Mulungu chimathera pamene manja anga athera. Usiku uno ndamva kuti pamene ine sindinkadziwa n'komwe zoti ndipemphere, panali kale anamwino amene sanagone, panali anthu osadziwika amene anapereka magazi awo miyezi ingapo m'mbuyomo osadziwa kuti adzalowa mwa ndani, panali mayi wamasiye amene anatsegula chitseko pakati pa usiku. Akuluakulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Sindinkayembekeza kuti mawu amenewa ndidzawapeza akugwira ntchito kuno, kwa munthu amene sanawamvepo.

Mkamwini wanga anatenga Baibulo n'kundipatsa kuti ndisankhe powerenga. Ndinatsegula pa Luka 17, nkhani ya akhate khumi amene anachiritsidwa, mmodzi yekha n'kubwerera kudzathokoza. Wobwererayo anali Msamariya, mlendo. Titawerenga ndinati, ifenso kuno ndife alendo, tisakhale m'gulu la asanu ndi anayi aja. Ndinapempha kuti tisapemphe kanthu usiku uno, tingothokoza, ndipo aliyense atchule anthu ndi zinthu mayina ake.

Anayamba ndi mkamwini wanga. Anatchula dokotala wamkazi amene anatuluka m'chipinda cha opaleshoni n'kumugwira paphewa. Anatchula abwana ake amene anamuuza kuti asaganize za ntchito. Mawu anamuthera pakati, ndipo tinamudikira. Mwana wanga anathokoza chifukwa cha tsiku limene anakwanitsa kuyenda yekha kuchoka pabedi kufika pazenera. Linali 21 Januwale, tsiku limene anthu a mzinda uno amakondwerera kuti dzuwa laonekanso pamwamba pa mapiri akumwera, ndipo namwino anamubweretsera bani yotsekemera imene amadya patsikulo. Akuti anangoluma kamodzi, koma chinali chakudya choyamba chimene anachimva kukoma. Kamtsikana kanathokoza chifukwa cha agogo atatu, nsapato zotsetserekera pa chipale, ndi mphaka wa aneba. Sitinaseke. Zonsezo n'zoyenera kuthokoza.

Itafika nthawi yanga ndinalephera kuyamba. Ndinangoyika dzanja pamsana pa khanda, ndikumva kupuma kwake, ndikuyang'ana mayi ake ali moyo tsidya la tebulo. Kenako mawu anabwera, ndipo ndinatchula onse amene ndinali nditangowamva, mmodzimmodzi, ngakhale amene sindidzawaona. Tinaimba nyimbo imodzi motsitsa mawu kuti mwana asadzuke. Kenako tinangokhala. Palibe anafuna kudzuka kukayatsa magetsi, mpaka kandulo imodzi inatha yokha.

Lachiwiri, 24 Disembala

Mphepo yaleka. M'mawa ndinauza mwana wanga kuti andiperekeze kwa amayi aja. Iye anandichenjeza kuti anthu akuno sakonda kuthokozedwa kwambiri, amachita manyazi. Ndinati manyaziwo apirira, ine sindingachoke m'dziko muno ndisanagwade pamaso pawo.

Anatilandira m'khitchini. Ndinagwada, ndinawagwira manja onse awiri, ndipo ndinalankhula m'chilankhulo changa, mwana wanga akumasulira. Anayesa kundidzutsa, nkhope itafiira, akunena mawu amodzimodzi mobwereza. Mwana wanga akuti ankati, aliyense akanachita zomwezo. Ine ndikudziwa kuti si aliyense. Atandikhazika pampando anatithira khofi, n'kutulutsa chithunzi cha kamtsikana kathu kali ndi tsitsi lolukidwa mokhotakhota, ntchito yawo yoyamba. Apa ndiye anaseka.

Kutchalitchi sapita. Anatiuza okha mosabisa kuti anasiya kalekale, ndipo za Mulungu alibe nazo chitsimikizo. Sindinawalalikire. Ndinangowauza kuti ine ndimakhulupirira kuti anatumidwa, ndipo ndidzawatchula m'pemphero masiku onse a moyo wanga. Anaganiza pang'ono n'kuyankha kuti zimenezo sangazikane.

Anatipempha kuti tiwaperekeze kumanda. Pa tsiku ili mabanja ambiri ku Norway amakayatsa makandulo pa manda a abale awo. Tinafika kuwala kwa buluu kuja kukutha. Manda onse anali atakwiririka, miyala ikungooneka mitu, ndipo paliponse panali nyali zazing'ono zoyaka m'magalasi, mazanamazana, anthu akuyenda pakati pake mwakachetechete ndi ana awo. Amayiwo anafukula chipale ndi manja pa mwala wa amuna awo. Machesi anawavuta chifukwa zala zinali zitauma ndi kuzizira, ndiye anandipatsa ine. Ndinayatsa, iwo anatchinga mphepo ndi chikhatho, n'kutseka kagalasiko.

Itakwana 5 koloko mabelu a matchalitchi analira mzinda wonse. Umu ndi mmene amalowetsera Khirisimasi kuno, ndipo chikondwerero chachikulu chimakhala madzulo a pa 24 pomwepa. Amayiwo anadya nafe. Anabweretsa phala la mpunga lozizira losakaniza ndi kirimu, m'kati atabisamo mtedza umodzi wa alimondi, woupeza alandire mphatso. Anaupeza ndi mkamwini wanga, ndipo anaupereka mobisa kwa mwana wake pansi pa tebulo. Tonse tinaona.

Lachinayi, 26 Disembala

Dzulo sindinalembe, tinali kutchalitchi m'mawa ndipo masana onse ndinali ndi adzukulu.

Ndakhala pansi ndi mwana wanga n'kumuuza kuti asadzandibisirenso matenda. Ngakhale ndili kutali, ngakhale sindingakwere ndege, ndili ndi mawondo ogwada, ndipo ndi udindo wanga kudziwa. Wavomera. Wandionetsanso mapepala a kuchipatala: magazi ake akubwerera m'malo pang'onopang'ono, akumwa mankhwala a ayironi, ndipo m'nyengo ya mdima banja lonse limamwa mafuta a chiwindi cha nsomba chifukwa cha vitamini D amene thupi limapanga likawombedwa ndi dzuwa. Nanenso andiyambitsa, supuni imodzi m'mawa.

Tikiti yanga yobwerera inali ya pa 8 Januwale. Mkamwini wanga wafunsa ngati ndingalole kuti aisinthe, popeza masiku a pa viza yanga akadalipo, kuti ndidzakhalepo mwana akamakwanitsa chaka komanso pa 21 pamene dzuwa lidzaonekera. Ndavomera ndi mtima wonse. Amayi aneba amva, ndipo atumiza kamtsikana ndi singano ziwiri zolukira ndi mpira wa ulusi wofiira. Akuti ndipite mawa 11 koloko, tikayambe ndi masokosi a khanda.